Kamantolo ka Nyali ya Madala

Madala anga anali dobi. Ndikanena choncho anzanga amayesa ndi dzina la galu, ndiye ndimachita kumasulira: munthu wochapa ndi kusita zovala za eni. Ankagwira pa nyumba ya alendo ya esiteti ina ya tiyi, kumtunda kuja nkhungu imakulowera mpaka m'kapu. Magetsi kunalibe. Kunali nyali za gasi, ndiye nyumba ija itatsekedwa anawapatsako imodzi ndi botolo lake, kuwonjezapo simbi yamakala, ija ya katambala pamphuno. Anabwera nazo kwathu atazifukata ngati mwana wodwala, n'kuyamba kuchapira aphunzitsi ndi anamwino a pafupi.

Ine ndinakulira pansi pa tebulo lositira, pakati pa mabedishiti opinda, ofunda bwino, onunkhira sitachi ndi utsi. Dzuwa likamapendeka madala ankavula galasi la nyali kuti alipukute. Mkatimo munkatsala kathumba koyera, kopyapyala ngati nyumba ya kangaude, ankakatcha kamantolo. Kameneko ndiye kamawala, popanda iko gasi amangoyaka kamoto kabuluu kopanda ntchito. Koma kathumbako ndi phulusa lokhalokha loimirira, ukakakhudza kamayoyoka. Chala changa chinkakafuna tsiku ndi tsiku. Ndikangotulutsa dzanja pansi pa tebulo, kansalu konyowa kowazira zovala kanali katafika kale, thwa, dzina langa pamwamba pake. Kenako galasi, machesi, nyali n'kuyamba kupuma fuuu, nyumba yonse mbee, simbi n'kumayenda pamwamba pa mutu wanga ngati sitima ya kutali.

Nditakula ndinachoka. Palibe anandipirikitsa, miyendo yanga ndi yoyabwa basi. Ndinagulitsa mayunitsi, ndinaitanira minibasi, ndinakonza mafoni pa kabenchi. Masiteni, mayi anga, atamwalira ndinabwera, n'kulira, n'kuchokanso dothi la pamanda lisanaume. Kenako tsiku lina achemwali anga a Dolika, amene anatsala akusamala pakhomo, ananditumizira voisi noti yaifupi: ndibwere ndidzaone ndekha, madala mutu wayamba kutaya zinthu.

Ndinawapeza pakhonde atavala shati yoyera yamakwinya, chinthu chimene kale sakanalola ngakhale popita kudimba. Atandiona anaimirira, manja kumbuyo.

"Mwaswera bwanji, bwana? Zochapazo siyani apo, mudzatenge mawa madzulo."

"Ndine, madala. Mwana wanu."

"Ndamva, bwana. Mawa madzulo zikhala zatheka."

Achemwali anandikokera kukhitchini. Anati iwowo pena amawadziwa, pena amawayesa masiteni, koma madzulo aliwonse madala amasuzumira pansi pa tebulo n'kufunsa kuti mwana uja ali kuti. Akawauza kuti anakula, ali m'tauni, amakana, amati mwanayo amabwera nthawi ya nyali, nanga nyaliyo simukuyatsa bwanji. Ndinayang'ana pamwamba pa kabati, nyali ili pomwepo, fumbi lokhalokha, kamantolo kanatha kalekale. Simbi anali ataisandutsa mwala wotsamiritsa chitseko. Gasi sinali nkhani, masiku ano anthu akuphikira, botolo ungadzazitse pa boma. Chosowa chinali kathumba kaja basi.

Ndinaona ngati simpo. Ndinauza achemwali kuti ndikagula m'tauni, ndibwera Loweruka, nyali ikayaka madala andidziwa. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti Loweruka lake liti. Ine ndinali ndafika kale pamsewu.

Tauni yoyamba inali ya njanji, sitima yake yosabwera. Ndinalowa sitolo ndi sitolo. Ankandionetsa matochi, masola, mababu ochajira, ena oimba nyimbo ukawayatsa. Ndikafotokoza za kathumba koyera ankandiyang'ana cham'mbali n'kufunsa ngati ndi zokhwimira geni. Kuseri kwa msika, kumbuyo kwa resitihausi ina, ndinapeza mayi wamanja akuluakulu akulimbana okha ndi bedishiti yonyowa. Dzina lawo mayi Najere. Ndisanamalize moni anandiponyera mapeto a nsalu.

"Gwira uku, usangoima ngati pholo."

Tinafinya, iwo kupotoza kwawo ine kwanga, madzi n'kumanditsikira m'nsapato. Timantolo ankatidziwa. Anati kumudzi wa pa mtsinje kuli bambo wina amene ankagulitsa, koma lole ya kumeneko imabwera ikafuna. Ndinati ndidikira pang'ono. Mvula inabwera n'kupita ndili pomwepo.

Mayi Najere makina ochapira ankawatcha aulesi ozungulira. Iwo zoyera ankaziviika m'madzi a phulusa osefera pa chiguduli, kutacha n'kuziphika mumgolo, kuvundula ndi mtengo ngati thobwa. Sopo akatha ankatikita masamba a papaya mpaka atuluke thovu lobiriwira. Dzimbiri ankalichotsa ndi ndimu ndi mchere. Magazi ndi madzi ozizira okha, ankati ukathira otentha wawakwatitsa ndi nsalu, ukwati wake wosatha. Ndiye mabedishiti ankawawerenga ngati nyuzi: uyu sanagone, uyu analira mbali imodzi, awa anabwera awiri koma anadzuka aliyense kwake. Tikayanika, ine ndikamadutsa pakati pa mizere ija ndinkamva anthu akupuma, wina mkonono, wina kutchula dzina la munthu chapansipansi. Nditawauza sanadabwe. Anati n'chifukwa chake timayanika padzuwa, tulo ta eni tituluke, mlendo asadzagonere maloto a mnzake.

Madzi a phulusa amadya khungu. Tsiku lina ndinaika chala pafoni kuti itseguke, inakana. Ndinapukuta, kuyesanso, kukana. Mizere ya pachala inali itafufutika, chala see ngati sopo. Foni yanga yomwe, imene ndinkagona nayo, sinandidziwe. Ndinaseka pang'ono, kenako ndinakhala pa ndowa osaseka. Nditakumbukira manambala otsegulira ndinapezamo voisi noti ya achemwali: madala akumayala bulangeti patebulo okha, n'kukhala pampando, kudikira.

Lole inabwera tsiku limene ndinasiya kuiyembekeza. Kumudzi wa pa mtsinje ndinafikira padooko, pamene miyala yake inasalala ndi kumenyedwa ndi nsalu za mibadwo. Azimayi atandiona anayambapo: mwamuna padooko la amayi, kaya wathawa chani kwawo, kaya mkazi anamudyetsa khuzumule, taonani timiyendo ngati zokolezera moto. Mmodzi yekha sanaseke, a Nangozo, wamtali, wa fodya wa m'mphuno. Anali ndi mtolo wawo paokha, kumunsi kwa anzawo. Ananditambasulira bulangeti lolemera ndi madzi.

"Gwira uku, akusekawo atopa okha."

Ntchito ya a Nangozo inali kuchapa zovala za anthu omwalira zisanagawidwe kwa abale, n'chifukwa chake ankachapira kumunsi. Ndinawafunsa za bambo wa timantolo. Analoza shati imene inali pa udzu, manja tambalale, n'kunena kuti ndi ameneyo, ndachedwa pang'ono. M'thumba mwake munapezeka bokosi la machesi basi. Katundu wotsala wa m'kasitolo kake ana anali atataya kudzala, poyesa zinyalala. Ndinapita kudzalako, ndinafukula ndi mtengo, nkhuku zikundithandiza. Palibe.

Kwa a Nangozo ndinaphunzira buluu. Umamanga kachidutswa m'kansanza n'kukavinitsa m'madzi otsukuluzira mpaka madziwo afanane ndi kumwamba kwa m'mawa, osati kwa masana. Ukapyoza, shati imatuluka ngati yunifomu ya pulaimale. Ine ndinapyoza kangapo, azimayi n'kundipatsa dzina loti Abuluu, mpaka ana a m'mudzi ankayesa ndi langa lenileni. Ndinaphunziranso kumenya pamwala motsata mpweya, osati mkwiyo, kuti mabatani asasweke, ndi kuyala zoyera pa udzu kuti dzuwa ndi mame zimalizitse. Ndi kupisa m'matumba usanaviike, lamulo loyamba la wochapa. Mphepo ikabwera masana zovala zija zinkafufuma, mashati kukhala tsonga, madilesi kutembenuka ngati akufuna kumva zimene tikukamba. A Nangozo ankazilankhula mofatsa, uku akununkhiza fodya wawo, kuti gonani, mwafika kale.

Netiweki inkapezeka pachulu pokha. Ndinakwera, voisi noti n'kulowa: madala asiya kutuluka pakhonde, miyendo yatupa. Achemwali anawonjeza kuti ndingobwera, nyali ndi nyali, agula ya sola yowala kuposa. Ndinawafunsa kuti madala anati chani ataiona. Anayankha kuti anaifunditsa chitenje, eti siyipuma. Ndikanabwerera, koma ndinkadziwa chimene chikundidikira pakhomo: bwana, mawa madzulo. Nditatsika pachulu a Nangozo anandiuza kuti kumalire kuli dobi wakale amene amadziwa kumene zinthu zakale zimakathera.

Panjira panali matauni ena, ofananafanana, depoti, msika, mtengo wa mango, wolalikira wa sipika yosweka. Kwina ndinagwira pa shopu ya makina, kumene zovala zinkalowa n'kutuluka osakhudzidwa ndi munthu, zonunkhira maluwa amene sanamerepo paliponse. Ndinayesa kumvetsera pakati pake, zii. Kwina venda wina wa masharubu anandilumbirira kuti timantolo ali nato, olijino, n'kunditulutsira kanthu koyera m'pepala. Nditafika pamthunzi ndinapeza kuti ndi bandeji yodula yosokerera ulusi. Sindinabwerere kukakangana naye. Ndinamangira chala.

Tauni ya kumalire inali ya fumbi ndi malole ataliatali, anthu ake osakaniza zinenero mkamwa mmodzi. Pakhonde la sitolo ina panali tebulo, bulangeti, ndi dobi uja, a Sumaili, kofiya kumutu, maso atachita nkhungu. Anangomva nsapato zanga n'kutambasula nsalu.

"Gwira uku, mwanangu, tipinde. Manja ako akununkha phulusa."

Anandiphunzitsa simbi. Makala a mtengo wolimba, osathetheka. Kuikupiza m'mwamba uku ndi uku kuti moto udzuke, kuuzira phulusa kutali ndi tebulo, kunyowetsa chala ndi malovu n'kukhudza pansi pake, ikati tsi yafika, ikati tsiii yapyola. Ikayamba kukakamira, kuipaka kandulo n'kuipukutira pa tsamba la nthochi. Sitachi ankapanga okha: kusinja chinangwa, kufinya, kudikira ufa ukhazikike pansi, n'kuthira madzi owira mpaka ziyambe kulenda ngati therere. Shati imayamba kolala, kenako mapewa, manja, thupi pomaliza. M'misoko simbi imaima pang'ono, poti ntchentche ija ya mphutsi imaikira mmenemo chovala chikamauma panja, ukathamanga kasitomala adzatuluka zithupsa zoyenda n'kudzakutukwanira mtundu wako wonse. Iwo ankasita ndi mphuno. Ankati nsalu isanapse imayamba yanunkhira ngati chimanga chokazinga, pamenepo nyamula.

Ndinawauza za madala. Anati si zodabwitsa, dobi anthu amawadziwa ndi kolala, nkhope saziyang'ana kwenikweni, koma ntchito sangaiiwale. Mawu amenewo ndinawasunga. Ndinaganiza kuti ndikadzasita bwinobwino pamaso pawo, adzaona dzanja lawo m'dzanja langa. Ndiye ndinalimbikira, siliyasi, mpaka a Sumaili anasiya kupapasa zimene ndasita.

Makasitomala ankachepa. Zovala za kaunjika zambiri sizifuna simbi, ena anagula za magetsi. Tinkakhala tebulo lili lokha, a Sumaili n'kumasita mpango wawo womwewo, kuupinda, kuutambasula, kuusitanso. M'mawa wina ndinapeza pakhonde paja pali kabokosi kopenta, mtsikana mkati akutumiza ndalama za pafoni. Anati iye wakhala pamenepo chiyambire, dobi sanamuonepo. Pansi pokha panali madontho a kandulo. Mlonda wa sitolo ndi amene anandinong'oneza kuti mdala uja anasiya mawu: ndikwere kuphiri, kusitolo imene sinatsekedwe koma sigulitsa.

Kuphiri ndinakwera wapansi, m'nkhungu yofanana ndi ya kwathu. Sitolo ija inalipodi, mashelefu opanda kanthu, sikelo yadzimbiri, fungo la palafini wakale. Kuseri kwake mayi wina wochepa thupi, mayi Esinati, anali atagwira suti yoyera imene inasanduka yachikasu, akuiyang'ana ngati yawalakwira.

"Gwirani uku, bambo, muone mmene yachitira."

Inali ya amuna awo, mwini sitolo, amene anatsogola kale. Ndi imene anavala pa ukwati wawo. Anali atayesa masopo onse a fungo, suti osamva. Ndinapisa m'matumba kaye. Kenako phulusa, mgolo, ndimu pamene panadontha dzimbiri la hang'ala, buluu wa kumwamba kwa m'mawa, udzu, mame, sitachi, simbi yobwereka kwa aneba. Zinatenga masiku, nkhungu ya kumeneko siumitsa msanga. Ndikusita ndinawauza chimene ndikuyendera. Anaganiza, n'kulowa, n'kutuluka ndi chitini cha mabatani. Pansi pa mabataniwo panali timantolo tiwiri tatsopano, tofewa, tosawotcha. Anati zaka zonsezi ankayesa ndi timasokosi ta chidole.

Ndikanathamanga nthawi yomweyo, koma mayi aja anapempha chinthu chimodzi: nyali ya malemu ilipo, gasi akadalimo, akufuna aone sutiyo m'kuwala kumene anaionera poyamba. Ungakane bwanji? Dzuwa likulowa ndinamanga kamodzi. Anandikumbutsa mmene malemu ankachitira, kuti umayamba wakawotcha kaye gasi ali chitsekere, kapse konse, kade, kenako kayere, kasanduke phulusa. Kakapanda kupsa sikawala. Ndinatsegula gasi, fuuu, sitolo yonse mbee. Suti inali pamsomali, mapewa ataima. Mayi Esinati anakokera mpando pafupi n'kuyamba kuiuza za mbuzi, za denga lodontha, za ana osaimba foni. Ine ndinatuluka. Kamantolo kowotcha sikayenda ulendo, kanatsala komweko. Kanga kanali kamodzi tsopano, m'bokosi la machesi, m'thumba la pamtima.

Panja foni inanjenjemera. Achemwali sanachulutse: madala asiya kudya, kapu sakutha kuinyamula, ngati ukubwera bwera.

Njira yobwerera inali yaifupi modabwitsa. Malire, mtsinje, njanji, zonse zinadutsa pawindo ngati zovala pachingwe. Ndinafika masana. Achemwali imvi zinali zitayamba. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato n'kunena kuti Loweruka lafika eti. Madala anali pamatiresi pabalaza, pafupi ndi tebulo, poti kuchipinda ankakana. Anali atatha, mafupa okha m'shati ija yamakwinya.

Botolo tinakadzazitsa. Simbi ndinaichotsa pachitseko, kuipala dzimbiri, kuipaka kandulo, kukoleza makala. Ndinatenga shati yawo ina yoyera, kuiwaza madzi ndi kansalu. Kolala, mapewa, manja, kuima pang'ono m'misoko, kunyamula ikanunkhira chimanga. Maso a madala ankatsata simbi, kupita nayo, kubwera nayo. Nditamaliza ndinaiimika shatiyo patsogolo pawo, inaima yokha ngati ili ndi munthu.

"Bwana, munaphunzira kuti? Dzanja lanu ndi la dobi weniweni."

"Kwa inu, madala."

"Ayi, ine sindinaphunzitsepo munthu. Wanga uja ndi wosamva, sangasite ngakhale mpango."

Achemwali anaseka n'kutembenukira kukhoma, mapewa okha kumagwedezeka.

Dzuwa litapendeka ndinatsitsa nyali, kuipukuta, kumanga kamantolo. Ndinakawotcha, kanada, kanayera. Galasi, machesi, fuuu. Madala anatsegula maso onse, nkhope n'kusalala ngati yadutsidwa ndi simbi. Anapempha kuti tiwakhazike pampando wawo, pafupi ndi tebulo, tinawanyamula, analibe kulemera. Anamvetsera kupuma kwa nyali nthawi yaitali. Kenako anawerama movutika n'kusuzumira pansi pa tebulo.

"Nyali yayaka, mwana sanabwere. Dolika, wapita kuti?"

Achemwali analoza ine. Madala anandiyang'ana mwaulemu n'kupepesa, kuti bwana musadabwe, ndi kamwana koyendayenda.

Pamenepo ndinatseka gasi n'kukhala pansi, mutu wanga kulingana ndi tebulo. Galasi linali litachita kautsi mbali imodzi, ndiye litazizira ndinalivula kuti ndipukute, poti manja ozolowera ntchito sakhala chete. Kunja kunali kusanade kwenikweni, kuwala kofiira kumalowa pakhomo. Kamantolo kanali poyera, kopyapyala, koimirira pakokha, komaliza m'dziko lonse mmene ine ndinkadziwira. Sindinaganize kanthu, shuwa. Chala chinanyamuka chokha, chija chopanda mizere, n'kumapita.

Thwa.

Kansalu konyowa kanandipeza pamsana pa dzanja. Dzanja limene linkalephera kapu ndi limene linakatola patebulo. Pamwamba pake panabwera dzina langa, lija la pakhomo limene ngakhale pa chiphaso palibe, ndi mawu akale omwe aja.

"Iwe, ndidzakuuza kangati? Chala chakocho ndidzachisita."

Mphepo ya kansalu kaja ndi imene inamaliza ntchito. Kamantolo kanayoyoka, kaphulusa koyera n'kutera pa shati imene ndinasita. Tonse tinakayang'ana.

"Taona zimene wachita," anatero madala. "Mawa ukagule wekha ndi miyendo yako yoyabwayo. Wadya?"

"Ayi, madala."

"Dolika, mpatse chakudya mwanayu. Nanenso undipatseko pang'ono, wandikwiyitsa mpaka njala. Iwe lowa kumalo kwako, usandipingepinge."

Achemwali anayatsa tochi ya pafoni kuti apite kukhitchini, madala anati azimitse, tiona ndi makala a m'simbi. Ndinagwada. Munthu wandevu, mawondo kugunda chibwano, mutu kugunda thabwa, ndinalowa pansi pa tebulo. Mabedishiti munalibe, munali fumbi ndi nsapato zakale za masiteni. Dzanja lawo linatsika, kupapasa, kupeza mutu wanga, n'kukhala pomwepo.

Kutacha sindinapite kokagula. Miyendo inali phee.